Maphunziro aulere a pa intaneti: ndi ati amene angatifike kuno kwathu?

M'mipingo yathu ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi muli anyamata ndi atsikana ambiri amene anatsiriza Giredi 12 koma angokhala pakhomo cifukwa ndalama za koleji zinasowa. Kuyambira mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira ku sekondale, koma koleji ndi yunivesite zikali zolipira. N'cifukwa cake uthenga ukafika pa WhatsApp wakuti yunivesite ina ya ku America ikuphunzitsa kwaulere pa foni, makolo amathamangira kwa abusa kapena kwa akulu a mpingo kukafunsa ngati n'zoona, kapena ndi akuba aja a pa foni amene amati tumizani ndalama pa nambala iyi.

Zina n'zoona ndithu. Koma pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziika m'thumba limodzi pamene n'zosiyana, ndipo kwa ife a kumidzi kusiyana kwake n'kwakukulu. Coyamba amacicha MOOC, caciwiri amacicha OER.

MOOC ndi kalasi ya pa intaneti imene munthu aliyense angalowe, popanda kufunsidwa setifiketi kapena zaka zake, ndipo anthu zikwi zambiri amaphunzira pa nthawi imodzi. Mphunzitsi amajambulidwa pa vidiyo, wophunzira amaonera, nayankha mafunso amene kompyuta imaconga yokha. Dzinali linayamba mu 2008 ku Canada, pamene George Siemens ndi Stephen Downes anatsegula kosi yao ya pa University of Manitoba kwa anthu akunja. M'kalasi munali ophunzira olipira 25, koma pa intaneti panalowa anthu oposa 2,000. Cimene cinagwedeza dziko cinacitika mu 2011, pamene aphunzitsi awiri, Sebastian Thrun ndi Peter Norvig, anaika pa intaneti kosi ya ku Stanford ya nzeru za makompyuta. Analembetsa anthu 160,000 ocokera m'maiko pafupi-fupi 190. Caka cotsatira, 2012, kunabadwa Coursera, Udacity ndi edX, iyi yomalizayi yokhazikitsidwa ndi mayunivesite a Harvard ndi MIT. Ku Britain nako Open University inayambitsa FutureLearn. Pa nthawiyo anthu ophunzira kwambiri analankhula ngati kuti mwana wa mlimi wa thonje ku Sinda adzakhala pa benci limodzi ndi mwana wa munthu wolemera wa ku Boston.

Sizinayende conco. Mwa anthu 160,000 aja, amene anafika kumapeto anali pafupi-fupi 23,000, ndipo imeneyo inali kosi imene inayenda bwino. Mu 2013 a University of Pennsylvania anafufuza anthu amene ankaphunzira makosi ao pa Coursera, napeza kuti anthu 8 mwa 10 alionse anali atapita kale ku koleji kapena ku yunivesite. Mu 2019 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa makosi a Harvard ndi MIT pa edX, woonetsa kuti m'caka ca 2017 mpaka 2018 anthu 3 okha mwa 100 alionse olembetsa ndi amene anatsiriza, komanso kuti ambiri a ophunzirawo anali a m'maiko olemera. Mwacidule, mvula inagwa kwambiri m'dambo mmene munali madzi kale.

Zifukwa zake ife tikuzidziwa bwino kuposa ofufuzawo. Makosi ambiri ali m'Cingerezi, ndiponso Cingerezi cake n'cothamanga, ca m'mphuno, cosiyana ndi cimene ana athu anazolowera kwa aphunzitsi ao. Vidiyo ya ola limodzi ingadye mamegabaiti mazana angapo, tsono bandulo imene mwana anagula ndi ndalama za ganyu imatha phunziro loyamba lisanathe. Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2022 anaonetsa kuti mu Zambia ndi munthu mmodzi cabe mwa anai amene anali atagwiritsako nchito intaneti, ndipo ambiri a iwo ndi a m'matauni. M'mbali mwa mseu wa Great East, pa Katete ndi pa Sinda, netiweki imagwira bwinoko. Koma mukapatuka kulowa kumidzi, kapena mukafika m'mapiri a ku Vubwi kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, muli malo amene munthu amakwera pa culu kuti alandire uthenga. Onjezanipo kuzima kwa malaiti kumene tinakuona mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Ndipo pali cifukwa cina cimene sicikhudza ndalama: kuphunzira wekha n'kowawa. Palibe amene amafunsa cifukwa cimene sunabwerere dzulo. Nyengo yopalira ikafika, kapena maliro akagwa pamudzi, kosi imaima ndipo siyambanso.

Tinenenso za mau akuti kwaulere. Makampani amene anayamba ndi kulonjeza maphunziro kwa onse anaona kuti ayenera kupeza ndalama. edX inagulitsidwa mu 2021 ku kampani ya 2U pa mtengo wa madola 800 miliyoni, ndipo mu 2024 kampaniyo inapita kukhoti italemedwa ndi ngongole. Masiku ano m'malo ambiri kulembetsa n'kwaulere, koma mayeso ndi setifiketi n'zolipira m'madola, ndipo pena amangokulawitsani cigawo coyamba. Coursera ili ndi fomu imene munthu wosauka angadzaze kupempha kuti amucepetsere kapena kumucotsera malipiro. Alison, ya ku Ireland, imaphunzitsa kwaulere koma pepala lake mumagula. OpenLearn ya Open University imapereka kwaulere kalata yosonyeza kuti munaphunzira. University of the People silipiritsa maphunziro, koma imalipiritsa mayeso a kosi iliyonse.

Za setifiketi

Apa ndi pamene mabanja amapwetekeka, conco timvetsetsane. Setifiketi ya MOOC ndi umboni wakuti munthu anatsatira kosi ya milungu ingapo. Siilowa m'malo mwa setifiketi ya Giredi 12 imene imacokera ku Examinations Council of Zambia. Siipangitsa munthu kukhala mphunzitsi wolembetsedwa ku Teaching Council of Zambia, kapena nesi wololedwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, kapena mmisiri wa pepala la TEVETA. Mapepala ocokera kunja amayamba apita ku Zambia Qualifications Authority kuti akawaone ngati ndi enieni ndi kuti akulingana ndi pepala liti la kuno. Munthu asanagulitse ng'ombe kapena matumba a soya kuti alipire digiri ya pa intaneti, ayambe wafunsa kumeneko, ndipo ngati sukuluyo ikunena kuti ili mu Zambia, aone ngati dzina lake lili pa mndandanda wa Higher Education Authority. Sukulu imene ikulonjeza digiri m'miyezi itatu, kapena yofuna kuti malipiro atumizidwe pa nambala ya foni ya munthu, ithaweni. Dziwaninso kuti dzina la Zambian Open University silitanthauza kuti n'kwaulere. Ndi yunivesite yolipira imene imaphunzitsa anthu ali kwao.

Kodi tsono MOOC ndi yacabe? Iai. Imathandiza kwambiri munthu amene ali ndi maziko kale ndipo akudziwa cimene akufuna. Nesi wa ku St Francis ku Katete kapena ku Nyanje ku Sinda angapindule ndi maphunziro aulere a bungwe la WHO, limene mu 2017 linatsegula OpenWHO yophunzitsa za miliri. Mlangizi wa zaulimi angapeze makosi aulere a bungwe la FAO. Msungicuma wa mpingo kapena wa kopaletivu angaphunzire kusunga mabuku a ndalama pa kompyuta. Mnyamata wokonda makompyuta angayese CS50 ya ku Harvard, imene ili yonse pa intaneti kwaulere, ngakhale kuti ndi yolimba zedi. Phindu lake ndi luso limene latsala m'mutu ndi m'manja. Amene akufuna pepala lodziwika ndi boma aganizirenso za thandizo la CDF lolipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja, limene limafunsiridwa kudzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi.

Zimene mungatenge n'kupita nazo kwanu

Tibwere ku cinthu caciwiri, cimene ife tikuona kuti n'cofunika kwambiri kuno. OER ndi mabuku, mavidiyo, zithunzi, mafunso a mayeso ndi mapulani a aphunzitsi zimene eni ake analengeza poyera kuti aliyense angakope, kusindikiza, kugawira ena, ndipo nthawi zambiri kusintha kapena kumasulira m'cinenero cake, osapempha cilolezo ndi osalipira. MOOC ili ngati msonkhano wa citsitsimutso: uyenera kupitako pa nthawi yake, ndipo ukatha watha. OER ili ngati mbeu imene mnansi wakupatsa: ungaibzale m'munda mwako, n'kusungako, n'kugawirako ena.

Ciyambi cake ndi caka ca 2001, pamene yunivesite ya MIT inalengeza kuti idzaika pa intaneti zophunzitsira za makosi ake kuti aliyense aziona. Mu 2002 bungwe la UNESCO linacititsa msonkhano ku Paris kumene dzina la OER linayambira, ndipo caka comweco bungwe la Creative Commons linatulutsa zilolezo zimene olemba amaika pa mabuku ao. Mu 2007 anthu a zamaphunziro anakumana ku Cape Town nalemba cikalata colimbikitsa maboma kuti mabuku olembedwa ndi ndalama za misonkho akhale otseguka kwa onse. Mu 2019 maiko a m'bungwe la UNESCO, mmene Zambia alinso, anagwirizana mfundo zocirikiza nchito imeneyi.

Zilolezo zimenezi n'zosavuta kuzizindikira, ndipo mphunzitsi aliyense kapena mlembi wa mpingo ndi bwino azidziwe. Pa tsamba loyamba kapena lomaliza la buku mumaona zilembo CC, kutsogolo kwake kuli zilembo zina ziwiri-ziwiri. BY ikutanthauza kuti citani nalo cimene mufuna, koma chulani dzina la mwini wake. NC ikutanthauza kuti musacite nalo malonda. SA ikuti mukasintha, cimene mwapangaco mucipereke kwa ena pa cilolezo comweco. ND ikuti gawirani ena momwe lilili, osasintha kanthu. Tsono buku la ND simungalimasulire m'Cinyanja n'kuligawa popanda kupempha. Buku limene lilibe cilolezo cotere, ngakhale litazungulira pa WhatsApp, likali la mwini wake, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1994 loteteza olemba ndi oimba limamuteteza. Tonse tikudziwa mmene mashini a fotokope a pa boma amagwirira nchito usana wonse, koma Akristu sitiyenera kunamizira kusadziwa pamene njira yoyera ilipo.

Zitsanzo zilipo zambiri. OpenStax, ya ku Rice University ku America, yakhala ikutulutsa kuyambira mu 2012 mabuku athunthu a ku koleji, monga a masamu, a zamoyo ndi a kapangidwe ka thupi la munthu, amene wophunzira unesi angakope kamodzi n'kumawerenga caka conse popanda netiweki. Siyavula ya ku South Africa ili ndi mabuku a masamu ndi sayansi a ku sekondale. Silabasi yao si yathu ndendende, koma algebra ndi imodzi kulikonse. Khan Academy ili ndi mavidiyo afupi-afupi ofotokoza masamu kuyambira kuwerengera mpaka a ku koleji. TESSA, imene inayamba mu 2005, inalembedwa ndi aphunzitsi a m'makoleji a mu Africa pamodzi ndi Open University, kuthandiza mphunzitsi wa ku pulaimale kuphunzitsa kalasi yodzaza ndi ana pogwiritsa nchito zinthu zopezeka pamudzi, monga zitsekerero za mabotolo ndi timitengo. Alimi nawonso sanaiwalidwe: bungwe la Access Agriculture lili ndi mavidiyo a alimi ophunzitsa alimi anzao m'zinenero zambiri, Cicewa cili pomwepo, ndipo amaloledwa kukopedwa n'kuikidwa pa memori kadi. Unduna wa Zamaphunziro pamodzi ndi UNICEF ulinso ndi Learning Passport, mmene muli maphunziro otsatira silabasi ya kuno.

Ubwino wa zonsezi ndi wakuti intaneti imafunika kamodzi kokha. Munthu mmodzi akapita ku Katete kapena ku Chipata kumene netiweki ndi yamphamvu, angakope mabuku makumi angapo pa fulashi, popeza buku lathunthu nthawi zambiri limadya bandulo yocepa kuposa vidiyo ya ola limodzi. Akabwerera, mafoni amapatsirana popanda bandulo, monga mmene acinyamata amapatsirana nyimbo za makwaya. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Buku lako ndi limene lili m'foni, la pa intaneti ndi la netiweki. Palinso njira zopangidwira malo ngati athu. Kolibri ndi pulogalamu yaulere imene imaikidwa pa laputopu imodzi, ndipo mafoni ndi matabuleti apafupi amatengako maphunziro popanda intaneti. RACHEL ndi kabokosi kokwana m'manja kamene kamacita cimodzimodzi. Kiwix imasunga Wikipedia yonse m'kompyuta. Zonsezi sola yaing'ono imazikwanitsa.

Cimene taona kale kuno

Nkhani ya kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si yacilendo kwa ife. Acikulire akukumbukira maphunziro a pa positi ocokera ku koleji ya ku Luanshya, imene tsopano imachedwa ZACODE: mapepala ankabwera m'envulopu, munthu n'kuyankha, n'kudikira milungu kuti aone mmene wakhozera. Mu 2000 pa wailesi panayamba pulogalamu ya Taonga Market, yophunzitsa ana amene sanali pa sukulu. Wailesi yokha sinkaphunzitsa. Pamalo paliponse pankakhala munthu wa pamudzi pomwepo wosonkhanitsa ana, woimirira kutsogolo ndi kucita nao zimene mphunzitsi wa pa wailesi akunena.

Citsanzo capafupi kwambiri ndi ca bungwe la Impact Network, limene linayamba nchito mu 2009 pa mudzi wa Joel m'boma la Katete, kenaka n'kufalikira ku masukulu a m'midzi oposa 40, ena a iwo ku Sinda ndi ku Petauke. M'masukulu amenewa anaikamo sola, tabuleti ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma, okhala ndi maphunziro a kampani ya Mwabu otsatira silabasi ya Zambia. Maphunziro a Mwabu si a OER, ndi ogula, koma cimene tikufuna muone ndi cina. Aphunzitsi anali anthu a m'midzi yomweyo, ndipo mlungu uliwonse kunkabwera woyang'anira kudzaona mmene akuphunzitsira ndi kuwathandiza. Bungwe la American Institutes for Research litafufuza poyerekeza masukulu amenewa ndi ena a m'maboma omwewo, linapeza kuti ana ake ankacita bwino kwambiri pa kuwerenga ndi masamu. Makinawo sanayende okha. Anayenda pamodzi ndi munthu wophunzitsa ndi munthu womuyendera.

Ku Central Province kunacitika zofanana ndi pulogalamu ya ZEST, imene Open University ndi World Vision anayendetsa pamodzi ndi unduna kuyambira mu 2017. Anatenga zophunzitsira zotseguka n'kuzilowetsa m'misonkhano imene aphunzitsi amakhala nayo kale pa sukulu pao, kuti aziwerengera pamodzi, kukayesa m'kalasi, n'kubwera kudzauzana mmene zayendera.

Apa mpingo uli ndi cuma cimene Coursera ilibe. Tili ndi nyumba zimene zimakhala zotseka kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu, zina zili ndi sola. Tili ndi aphunzitsi opuma pa nchito amene amakhala pa mabenci athu Sabata lililonse. Tinazolowera kusonkhana pa tsiku loikika, kuitana maina, ndi kukayendera amene wasowa. Acinyamata asanu kapena asanu ndi atatu amene akukonzekera kulembanso masamu a GCE angamakumane kawiri pa mlungu, foni imodzi kapena laputopu ili pakati, n'kuonera vidiyo imene inakopedwa kale, kuiimitsa pamene Cizungu cathamanga, mmodzi n'kufotokozera anzake m'Cinyanja. Ngakhale MOOC yeniyeni ingatheke motere: bandulo imodzi yosonkherana, anthu asanu ndi atatu. Amai a Cigwirizano angaonere pamodzi vidiyo ya kaumitsidwe ka nshawa kuti zisacite cuku, nyengo yokolola isanafike. Ife tikanakonda kuti mpingo uyambe ndi gulu limodzi, phunziro limodzi ndi miyezi itatu, m'malo mogula makompyuta khumi amene adzafundidwa nsalu m'cipinda ca abusa cifukwa palibe wodziwa cocita nao. Ndipo makolo adziwe nthawi yoyambira ndi yowerukira, makamaka ya atsikana, kuti kagulu ka maphunziro kasasanduke nkhani ina pamudzi.

Vuto limene latsala ndi la cinenero, ndipo limeneli palibe wa ku Harvard amene adzatithetsera. Wikipedia ya Cingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Ya Cicewa ilipo, koma nkhani zake n'zocepa zedi, zambiri za mizere iwiri kapena itatu, ngakhale kuti olankhula cinenero cimeneci ndi mamiliyoni ambiri mu Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Acewa a m'maiko atatu amadzaza Mkaika caka ciliconse mu Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, koma mwana wa Giredi 2 ku Vubwi akafuna kabuku kowerenga m'cinenero cake, nthawi zambiri amapeza kamodzi kong'ambika kamene kalasi yonse ikulimbirana.

Cilolezo cotseguka cimatipatsa mpata wocitapo kanthu. African Storybook, imene bungwe la Saide la ku Johannesburg linatsegula mu 2014, ili ndi timabuku ta ana ta zithunzi zikwi zambiri m'zinenero za mu Africa, ndipo ta Cinyanja tilimo. Aliyense angalembetse kwaulere, n'kusankha kabuku ka Cingerezi kapena ka cinenero cina, n'kulemba mau a Cinyanja pansi pa zithunzi zomwezo. Kabuku ka masamba khumi ndi awiri mphunzitsi wa Sande Sukulu angakamasulire madzulo amodzi. Angathenso kulemba nthano yatsopano imene anamva kwa ambuye ake, ana n'kujambula zithunzi zake. Akatsiriza, kabukuko kamakopedwa pa foni kapena kusindikizidwa pa pepala wamba n'kupindidwa pakati, ndipo dzina la womasulira limalembedwa pamodzi ndi la wolemba ndi la wojambula. Amene angayese nchitoyi asankhe kalembedwe kamene ana akuphunzira ku sukulu kuno ku Zambia, popeza ka ku Malawi kamasiyana pang'ono: iwo amaika h pambuyo pa c m'mau monga cifukwa ndi caka, ndipo mwana amene wangoyamba kumene kuwerenga amakhumudwa pa cilembo cimodzi cotere.